Mlandu umene umazengedwa m'mwanabere

Mwana akaponda msomali kapena munga, bala n'kuyamba kuchita mafinya, pakapita masiku awiri kapena atatu amayamba kutsimphina ndi kudandaula m'mphechepeche. Mukagwirapo mumapeza kanthu kolimba kangati nyemba, kotereraterera pansi pa chala, ndipo mwanayo amakankha dzanja lanu chifukwa kakupweteka. Agogo sadabwa nazo. Amangoti, "Ameneyo ndi mwanabere, fufuzani bala lili pati." Amalondola ndithu. Bala la kuphazi limatupitsa m'mphechepeche, la kuchala limatupitsa m'khwapa, ndipo dzino likamavuta kumatupa pansi pa chibwano.

Timfundo timeneti tilipo mazana angapo m'thupi, ndipo achipatala amatitcha ma lymph node. Timadzi timene timatuluka m'minofu sitibwerera m'magazi tisanadutse m'timfundoti. Koma kusefa timadzi ndi ntchito yaing'ono chabe. Ntchito yaikulu ndi yakuti m'menemo ndi m'bwalo: selo (kachigawo kamoyo kakang'onong'ono ka thupi) limene laona mdani ku bala limabwera ndi umboni, n'kufunafuna msilikali amene angauzindikire.

Mawu akuti asilikali a m'thupi tinawazolowera chifukwa cha Edzi, ndipo ambirife nambala ya CD4 tinaimva kuchipatala tisanadziwe tanthauzo lake. Maselo a CD4 ndi gulu limodzi la maselo otchedwa T. Gulu lina ndi la CD8. Chodabwitsa n'chakuti asilikali amenewa kachilombo kathunthu sakaona ayi. Mutaika selo la T m'madzi odzaza ndi mavairasi, lingokhala phee ngati palibe chachitika. Ma antibody, amene amapangidwa ndi maselo a B, ndiwo amagwira kachilombo monga mmene kalili, akamata pakhungu pake. Selo la T limafuna kuti selo lina la thupi lomwelo liduledule kachilomboko, litenge kachidutswa, likaike m'kambale kapadera, ndipo lilionetse. Chinthu chilichonse chimene chitetezo cha m'thupi chingachizindikire chimatchedwa antigen, ndipo kwa selo la T, antigen ndi kachidutswa kameneka kali m'kambale kake.

Izi zinayamba kuoneka ku Canberra, m'dziko la Australia. Rolf Zinkernagel wa ku Switzerland ndi Peter Doherty, amene anaphunzira udokotala wa ziweto, ankapatsa mbewa za m'labotale vairasi yotchedwa LCMV, kenako n'kutenga maselo a T a mbewazo kuti aone ngati apha maselo ena ogwidwa ndi vairasi yomweyo. Nthawi zina ankapha, nthawi zina ayi. Atafufuza anapeza kuti ankapha pokhapokha ngati maselo odwalawo achokera ku mbewa za mtundu wofanana ndi zimene zinapereka asilikaliwo. Vairasi inali imodzimodziyo, koma kambale kakasiyana asilikali ankangodutsa. Anafalitsa zimenezi mu 1974, ndipo mu 1996 analandira mphoto ya Nobel.

Timbale timeneti timatchedwa MHC, ndipo mwa anthu timatchedwanso HLA. Tinali todziwika kale, koma ndi mbiri yoipa. Madokotala ankatidziwa monga chinthu chimene chimachititsa thupi kukana impso kapena khungu la munthu wina. Jean Dausset wa ku France anapeza mtundu woyamba wa HLA mu 1958. Funso limene linkazunguza mitu linali lakuti thupi lingakhalirenji ndi chida cholepheretsa opaleshoni imene makolo athu akale sanailoteko n'komwe. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Mu 1986 Alain Townsend ku Oxford anasonyeza kuti maselo a T olimbana ndi chimfine amazindikira tizidutswa tatifupi ta puloteni imene imakhala mkati mwenimweni mwa vairasi. Chaka chotsatira, ku Harvard, Pamela Bjorkman pamodzi ndi Don Wiley ndi Jack Strominger anatulutsa chithunzi cha kapangidwe ka kambale kotchedwa HLA-A2. Pamwamba pake panali mphako yaitali, ndipo m'mphakomo munali kanthu kamene iwo sanaikemo. Kanali kachidutswa ka puloteni kamene kanabwera nako kuchokera m'selo.

Timbale tilipo mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndiye pagona nkhani. Mtundu woyamba umanena za zimene zikuchitika m'nyumba. Wachiwiri umanena za zimene zatoledwa panja.

Tiyambe ndi za m'nyumba. Puloteni ili ngati mkanda wautali wotungidwa ndi timikanda ta mitundu 20, totchedwa ma amino acid, kenako n'kupindidwa. Selo lililonse limapanga mapuloteni usana ndi usiku, ndipo amene atha ntchito kapena alakwika popangidwa limawaika chizindikiro n'kuwaponya m'chigayo chotchedwa proteasome. Chigayochi ndi chobulungira ngati mgolo. Puloteni imalowa mbali ina itatambasulidwa, n'kutuluka itaduka tizidutswa. Tambiri timaphwanyidwanso kuti timikanda take tigwire ntchito ina, koma tina timakokedwa ndi chipata chotchedwa TAP kulowa m'chipinda chimene selo limakonzera katundu wopita kunja. M'menemo timbale tatsopano timakhala tikudikira. Mphako ya kambale ka mtundu woyamba ili ngati bwato, yotsekeka kumutu ndi kumchira, choncho mumangokwana kachidutswa ka timikanda 8 mpaka 10. Kakatalika kamadulidwako. Kambale kopanda kanthu ndi kogwedera ndipo sikaloledwa kutuluka. Kakagwira kachidutswa kokwana bwino kamalimba, kamanyamulidwa kupita pakhungu la selo, n'kuima pamenepo pamodzi ndi anzake masauzande ambirimbiri.

Pafupifupi selo lililonse la m'thupi limachita zimenezi, la m'chiwindi, la m'mapapo, la pakhungu. Zili ngati mudzi umene khomo lililonse limalamulidwa kuika pakhonde kachitsanzo ka chilichonse chimene chaphikidwa tsiku limenelo. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti selo silisankha. Silidziwa kuti puloteni iyi ndi yanga, iyo ndi yachilendo. Limangogaya n'kuyala. Vairasi ikalowa, imalanda zipangizo za selo kuti ziipangire mapuloteni ake, ndipo ena mwa mapuloteniwo amagwera m'chigayo momwemo. Posakhalitsa tizidutswa ta vairasi timaoneka pakhonde pakati pa ta masiku onse. Selo la khansa nalonso, puloteni yake ikasintha, kachidutswa kachilendo kamatha kuonekera.

Woyendera makonde ndi selo la T la CD8. Likapeza kachidutswa kamene limakadziwa, ngakhale tili tochepa kwambiri mwina tosakwana khumi, limamatirira selolo, kuboola khungu lake ndi perforin, ndi kulowetsamo ma granzyme amene amachititsa selolo kudziwononga lokha mwakachetechete. Nyumba imagwetsedwa mdani ali mkati momwemo, za pafupi osakhudzidwa.

Nanga bwanji asilikaliwa sapha maselo abwinobwino, poti timbale tambiri tanyamula tizidutswa ta thupi lomwelo? Chilembo cha T chikuimira thymus, kachiwalo kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, kamene kamakhala kakakulu mwa ana n'kumafota munthu akamakula. Selo la T lililonse limabadwa ndi diso lakelake lopangidwa mwa mwayi chabe, losiyana ndi la mnzake. Ku thymus amayesedwa kawiri. Amene sangathe kuona kambale ka thupi lawo amafa chifukwa alibe ntchito. Amene amalusa akaona kachidutswa ka thupi lomwelo amaphedwanso. Oposa 90 pa 100 alionse amathera konko. Kusefaku sikugwira onse, ndipo ena akapulumuka amatha kuyambitsa matenda monga shuga ya mtundu woyamba, pamene asilikali amaononga maselo opanga insulin.

Tsopano tibwerere ku phazi la mwana lija. Mabakiteriya amene alowa ndi msomali ali m'minofu, kunja kwa maselo, ndipo chigayo cha m'nyumba sichiwaona. Apa pamafunika kambale ka mtundu wachiwiri, kamene kamapezeka kwambiri pa maselo a mitundu itatu: ma macrophage (maselo omeza tizilombo), maselo a B, ndi maselo otchedwa dendritic. Otsirizawa ndiwo akatswiri. Dzinali likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mtengo, chifukwa ali ndi nthambi zambiri zotambasuka. Amene amakhala pakhungu anaonedwa koyamba mu 1868 ndi Paul Langerhans, wophunzira zaudokotala ku Berlin, amene anaganiza kuti ndi mitsempha. Ntchito yawo yeniyeni inayamba kudziwika Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn atawafotokoza mu 1973 ku Rockefeller University ku New York. Kwa zaka zambiri anzake a Steinman ankakayikira kuti maselo ochepa chonchi angakhale ofunika. Pamene anadwala khansa ya kapamba mu 2007, analola kuyesedwa ndi chithandizo chopangidwa kuchokera ku maselo omwewo. Anamwalira pa 30 September 2011, ndipo patatha masiku atatu a komiti ya Nobel analengeza dzina lake asakudziwa kuti watisiya. Mphotoyo sanaichotse.

Selo la dendritic likakhala m'minofu ntchito yake ndi kumeza. Limamwa timadzi, limameza mabakiteriya ndi zotsalira za maselo akufa, n'kuzitsekera m'timatumba. M'timatumbamo mumayamba kuwawasa, ndipo asidiyo amadzutsa timichere todula mapuloteni. Kambale ka mtundu wachiwiri kamapangidwira m'chipinda chomwe chija mmene mwadzaza tizidutswa ta m'nyumba, ndipo pakanapanda nzeru ina kakanadzaza nato kasanatuluke. Nzeru yake ndi chotsekera. Puloteni yotchedwa invariant chain imakhala m'mphako ngati chitsononkho chotseka pakamwa pa botolo la mafuta, ndipo ndi yomweyo imene imatsogolera kambaleko kupita ku timatumba ta asidi. Kumeneko imadyekadyeka mpaka kutsala kachidutswa kotchedwa CLIP. Kenako puloteni ina, HLA-DM, imazula kachidutswako ndi kumagwedeza chilichonse cholowa m'malo mwake, kufikira kutapezeka chimene chagwira zolimba. Mphako ya kambale aka ili ngati nsungwi yong'ambidwa pakati, yotseguka mbali zonse, choncho mumagona tizidutswa totalikirapo, ta timikanda 13 kapena kuposa, nsonga zake zikulendewera kunja.

Selolo likanunkhiza zizindikiro za tizilombo, monga zinthu za pakhungu la bakiteriya, limasinthiratu khalidwe. Limasiya kumeza, limachulukitsa timbale pakhungu pake, limazuka pamalopo n'kulowa m'timitsempha ta timadzi tija, ulendo wa kumphechepeche. Kumene likupitako kuli vuto la manambala. Popeza selo la T lililonse lili ndi diso lakelake, amene angazindikire kachidutswa ka bakiteriya ameneyu mwina ndi mmodzi pa 100,000 kapena pa 1,000,000. Kuti msilikali ameneyu akumane ndi bala mwangozi m'thupi lonse ndi zosatheka. N'chifukwa chake maselo a T amene sanamenyepo nkhondo sayendayenda m'minofu. Amazungulira kuchoka m'magazi kulowa m'timfundo, kutuluka, kulowanso kwina. Selo la dendritic limakhala pakati nthambi zili tambalale, ndipo asilikali mazanamazana amalikhudza pa ola limodzi, aliyense kusuzumira m'timbale n'kupitirira. Tsiku lina mmodzi amaima.

Kuima kokhako sikukwanira. Pabwalo la amfumu munthu atabwera ndi chikopa cha mbuzi, mlandu suyamba mpaka atanena kuti mbuziyo yabedwa. Selo la dendritic limene laonadi zoopsa limatulutsa pakhungu pake mapuloteni otchedwa B7, amene amagwirana ndi CD28 ya selo la T. Kachidutswa kakaonetsedwa popanda B7, selo la T limazizira ndipo nthawi zambiri siliyankhanso ngakhale mtsogolo. Umu ndi mmene thupi limapewera kumenyana ndi nsima imene tadya kapena maselo ake amene afa imfa wamba. Opanga katemera anakumana ndi mfundo imeneyi asanaimvetse. Mu 1926 Alexander Glenny ku England anapeza kuti katemera wa diphtheria amagwira bwino akasakanizidwa ndi mchere wa aluminiyamu. Puloteni yoyera payokha sinkachita zambiri. Charles Janeway wa ku Yale ndiye anafotokoza mu 1989 kuti chitetezo chimafuna kaye chizindikiro cha ngozi chisanadzuke. Choncho mkono ukamapweteka ndi kutupa pang'ono mutabayidwa katemera, mbali ina ya ululuwo ndi yochita kufuna. Ndi mfuu yoitana maselo a dendritic.

Zizindikiro zonse ziwiri zikakwana, selo la T limayamba kugawikana kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo mkati mwa sabata limodzi limakhala gulu la masauzande ambiri a diso limodzi. Zipata zotulukira m'kamfundomo zimayamba zatsekedwa, maselo ena akulowabe. Kanyemba kamene kakupweteka m'mphechepeche mwa mwana ndi khamu limeneli.

Amene amawerenga kambale ka mtundu wachiwiri ndi maselo a CD4. Iwo kawirikawiri sapha okha, amalamula. Macrophage imene yameza bakiteriya n'kulephera kumugaya imaonetsa kachidutswa, selo la CD4 n'kuipatsa mphamvu. Selo la B likagwira antigen limaimeza, kuidula, ndi kuionetsa kwa selo la CD4, ndipo likavomerezedwa ndi pamene limapanga ma antibody amphamvu ndi okhalitsa. Pamenepa pali phunziro limene lapulumutsa ana ambiri. Bakiteriya woyambitsa chibayo, pneumococcus, amavala chikhoto cha shuga, ndipo shuga sakwera m'timbale timeneti, mumakwera tizidutswa ta puloteni. Ana osakwana zaka ziwiri sapanga chitetezo chabwino polimbana ndi shuga payekha. Akatswiri anamangirira shugayo ku puloteni. Selo la B limagwira shuga, limameza zonse, limaonetsa kachidutswa ka puloteni, selo la CD4 n'kuvomereza, ndipo ma antibody amene amatuluka ndi olimbana ndi shuga uja. Katemera wa chibayo amene Malawi anayamba kupereka kwa makanda mu November 2011 ndi wopangidwa motero.

Tikaona ntchito zonsezi, tanthauzo la nambala ya CD4 limamveka. HIV imalowera pa puloteni ya CD4 yeniyeniyo, imene ili pakhungu la maselo amenewa. Nambala ikatsika pansi pa 200, maselo a dendritic amafikabe ndi umboni, koma pabwalo palibe woumva.

Pali njira ina yachitatu imene Michael Bevan anaiona mu 1976. Asilikali a CD8 nawonso amayenera kudzutsidwa ndi maselo a dendritic, ndipo amawerenga kambale ka mtundu woyamba kokha. Koma vairasi ina siilowa m'maselo a dendritic, ndiye asilikali a CD8 angadzutsidwe ndi ndani? Maselo ena a dendritic amatha kutenga zimene ameza panja n'kuziika m'kambale ka mtundu woyamba, ngati kuti zapangidwa m'nyumba. Popanda chinyengo chabwinochi, mavairasi ambiri ndi zotupa za khansa zikanadutsa osaonedwa.

Kambale kalikonse kali ndi timaenje pansi pa mphako yake, ndipo kamagwira tizidutswa tokhato timene tikukwana m'timaenjemo. Munthu amalandira kwa mayi mitundu itatu ya kambale koyamba, HLA-A, HLA-B ndi HLA-C, ndi itatu ina kwa bambo, pamodzi ndi ingapo ya kambale kachiwiri. Malangizo ake ali pa chromosome 6, kamodzi mwa timitolo ta chibadwa ta m'selo, ndipo palibe mbali ina ya chibadwa cha munthu imene imasiyanasiyana chonchi. Mitundu imene yalembedwa yaposa 30,000, ndipo kusiyana kwambiri kuli m'mphako momwemo. Anthu awiri ogwidwa ndi vairasi imodzi amaonetsa tizidutswa tosiyana, wina kachidutswa kofunika, wina kachabechabe. Kwa mtundu wa anthu izi ndi zabwino, chifukwa palibe kachilombo kamene kangabisale kwa onse. Kwa wofuna impso kapena mafuta a m'mafupa ndi tsoka. Ngakhale mwana wa bere limodzi, mwayi woti mufanane kwathunthu ndi umodzi pa inayi.

Anthu ochepa amene ali ndi HIV amatha zaka zambiri kachilomboko kali kochepa m'magazi asakumwa mankhwala, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka ndi HLA-B57. Kambale kameneka kamaonetsa tizidutswa ta mbali ya HIV imene kachilomboko kakaisintha kamafooka. Koma ambiri amene ali nako amadwalabe akapanda mankhwala, choncho pasakhale wosiya ma ARV chifukwa cha nkhani imeneyi. Ku Gambia, Adrian Hill ndi anzake anapeza mu 1991 kuti ana amene ali ndi HLA-B53, kambale kofala kumadzulo kwa Africa, sankadwala malungo aakulu kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo.

Tizilombo natonso sitinagone. Vairasi ya herpes imapanga puloteni yotchedwa ICP47 imene imatseka chipata cha TAP, tizidutswa osafika kwa timbale. HIV ili ndi puloteni yotchedwa Nef imene imakokera HLA-A ndi HLA-B mkati mwa selo kuti pakhonde pasaoneke kanthu. Thupi lili ndi yankho lake: maselo otchedwa NK amapha selo limene khonde lake lili mbee, poti nyumba yosayala kanthu ikubisa china chake. Klas Kärre wa ku Sweden ndiye anayambitsa ganizo limeneli m'zaka za m'ma 1980. Ndiye taonani ukathyali wa Nef: HLA-C imaisiya pomwepo, imene ndi imodzi mwa zimene maselo a NK amayang'ana. Bakiteriya wa TB amalola kumezedwa ndi macrophage, kenako amaletsa kathumba kamene alimo kulumikizana ndi ka asidi, n'kukhala mmenemo ngati mlendi wosalipira.

Kachilombo ka malungo kanasankha nyumba yabwino koposa zonse. Maselo ofiira a magazi akakhwima amataya nucleus yawo (chipinda chosungira malangizo a chibadwa), sapanga mapuloteni atsopano, ndipo timbale alibe kapena ali nato tochepetsetsa. Kachilombo kali m'menemo asilikali a CD8 sakaona. Nthawi imene kangaonetsedwe bwino ndi ya poyamba, udzudzu utangoluma, pamene kamakhala pafupifupi sabata limodzi m'maselo a chiwindi munthu asanamve chilichonse, chifukwa maselo a chiwindi amayala pakhonde ngati ena onse. Katemera wa RTS,S, amene Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka kwa ana mu April 2019, patsogolo pa Ghana ndi Kenya, amalimbana ndi kachilomboko pa gawo loyambirirali. Anapangidwa ndi mbali ya puloteni ya pakhungu la kachilombo kochokera m'malovu a udzudzu, yomangiriridwa ku puloteni ya vairasi ya hepatitis B, ndipo amasakanizidwa ndi chodzutsa maselo a dendritic chimene mwa zina muli mankhwala otengedwa ku khungwa la mtengo wina wa ku Chile. Amadzutsa ma antibody ndi maselo a CD4, koma a CD8 sawadzutsa kwenikweni, ndipo akatswiri ena akuyesa akatemera a mtundu wina amene cholinga chawo n'kuika asilikali a CD8 m'chiwindi momwemo, kuti azikhala akudikira udzudzu usanalume.